Mbiri ya Monica wa ku Thagaste, ndi Manda Amene Sanagonamo

Mwezi uno tifuna kukumbukira pamodzi ndi inu mkazi wina wa m'dziko lino la Africa, amene anamwalira zaka zoposa 1,600 zapitazo, dzina lace Monica. Sanali mfumukazi, sanalalikira pabwalo, ndipo sanatisiyira buku kapena kalata ngakhale imodzi. Nchito yace inali ya m'nyumba: kulera ana, kupirira mwamuna wobvuta, ndi kupemphera. Timdziwa cifukwa ca mwana wace Augustine, amene anadzakhala bishopu wa ku Hippo ndi mphunzitsi womveka wa Mpingo. Iyeyo analemba za amace m'buku lochedwa Confessiones, m'mene anaulula macimo ace pamaso pa Mulungu. Mwanayo sanabisa zolakwa za amace, ndipo ifenso sitidzazibisa.

Monica anabadwa pafupi ndi caka ca 331 m'mudzi wa Thagaste, m'dziko la Numidia, kumpoto kwa Africa. Lero dzikolo lichedwa Algeria, ndi mudziwo Souk Ahras. Ndilo dziko la mapiri, la tirigu ndi la mitengo ya azitona, ndipo masiku aja linali pansi pa ufumu wa Aroma. Mau a Mulungu anafikako kale lomwe. M'caka ca 180 Akristu ena a cigawo cija anaphedwa ku Carthage cifukwa ca dzina la Yesu, ndipo m'caka ca 258 bishopu Cyprian anadulidwa mutu komweko. Tsono Monica anabadwira m'banja la Akristu. Koma pofotokozera ana ace za ubwana wace, amene ankamchula koposa ndiye nkhalamba yina yaikazi, kapolo wa panyumbapo, imene inabereka atate wace kumsana akali khanda. Gogo ameneyu anapatsidwa ana akazi a m'nyumbamo kuti awalere, nawalera ndi dzanja lolimba. Sanawalola kumwa ngakhale madzi pakati pa tsiku, koma pa nthawi ya cakudya pokha, cinkana ludzu liwagwire. Anawauza kuti mwana wosakhoza kudziletsa pa madzi, tsiku limene adzakwatiwa nadzasunga yekha mosungiramo vinyo, madzi adzawanyoza, koma cizolowezi ca kumwa sicidzamcoka.

Mau a nkhalambayo sanacedwa kuoneka zoona zace. Monica atasinkhuka, makolo ace ankamtuma kukatunga vinyo m'mbiya yaikuru, pakuti anamyesa mwana wodziletsa. Poyamba ankangolawa ndi nsonga ya milomo, mwa cibwana cabe, osaukonda nkomwe. Koma tsiku ndi tsiku anaonjeza pang'ono, kufikira anayamba kumwa cikho codzala. Makolo sanadziwa, ndi gogo uja sanadziwa. Amene anadziwa ndiye mdzakazi wina wopita naye kumbiya. Tsiku lina awiriwo anakangana, ndipo mdzakaziyo anamtukwana namucha cidakwa. Sananena mau aja kuti amthandize, koma kuti ampweteke; koma Monica anamva manyazi akuru, naona kuipa kwa cinthuco, nacileka tsiku lomwelo. Mbiri iyi anaiulula yekha kwa mwana wace, ali wamkuru kale.

Atafika msinkhu anamkwatitsa kwa Patricius, mmodzi wa akuru a bwalo la mudziwo, munthu wa minda yowerengeka, wosati wolemera. Patricius sanali Mkristu. Anali wooloa manja pokondwa, koma wopsa mtima msanga, ndipo sanasunga ukwati wace. Ankapita kwa akazi ena, Monica ali cidziwire. Macitidwe a Monica anali otere: mwamuna akapsa mtima sankamyankha, ndi mau kapena ndi nchito, koma mtima ukatsika, pamenepo ankakhala naye pansi ndi kumfotokozera bwino pamene analakwa. Akazi anzace ambiri, okwatiwa kwa amuna ofatsa koposa Patricius, ankafika pa misonkhano yao ali ndi mikwingwirima kumaso, nazizwa kuti sikunamveka konse kuti Patricius anamenya mkazi wace. Iye ankawalangiza kuti asunge lilime. Pano tiyenera kunena mosamala, kuti wina angatimve molakwa. Sitinena kuti mkazi womenyedwa ali ndi mlandu. Mlandu uli pa dzanja lomenya, ndipo akuru a Mpingo sayenera kuukhalira cete. Tingonena kuti Monica anasankha njira imeneyi ndi maso openya, cifukwa cimene anacifuna koposa mtendere wa lero ndico moyo wa mwamunayo.

M'nyumbamo munalinso mpongozi wace, mai wa Patricius. Adzakazi anayamba kumnong'oneza nkhalambayo zabodza za mkazi wa mwana wace, ndipo inamuda. Monica sanaleka kumtumikira ndi kumlemekeza, kufikira mpongoziyo anazindikira yekha kumene udaniwo unacokera. Anaitana mwana wace, nachula maina a akazitapewo, napempha kuti alangidwe. Ndipo kuyambira tsiku lija awiriwo anakhala mokoma. Kapena nkhani iyi ndiyo inamphunzitsa Monica kuopsa kwa misece. Pakuti mwana wace acita umboni kuti akazi awiri odana akafika kwa iye, yense pa yekha, ndi kukhuthula mau owawa onena mnzace, Monica sankatenga mau aja kunka nao kwa winayo, koma okhawo okhoza kuwayanjanitsa. Ife tonse tidziwa midzi imene inapasuka cifukwa ca kusowa mkazi mmodzi wotere.

Mulungu anampatsa ana atatu amene tiwadziwa: Augustine, wobadwa pa 13 November 354, mbale wace Navigius, ndi mlongo wao, amene atafedwa mwamuna anadzayang'anira nyumba ya akazi odzipereka kwa Mulungu ku Hippo. Augustine akali khanda, amace anamlembetsa pakati pa oyembekeza ubatizo, namphunzitsa dzina la Yesu. Ndipo iye mwini anena kuti ngakhale m'zaka za kusokera kwace, buku lopanda dzinalo silinamkhutitsa konse. Koma ubatizo weniweni sanaulandira. Masiku aja kunali cizolowezi ca kucedwetsa ubatizo, poopa kuti macimo ocitika munthu atabatizidwa adzalemera koposa. Tsiku lina mnyamatayo anadwala m'mimba kufuna kufa, napempha yekha kuti abatizidwe. Monica anathamanga kukonza zonse. Koma mwanayo anacira msanga, ndipo ubatizo anaukankhiranso m'tsogolo. Atakula, Augustine anadandaula naco cinthu cimeneci, ndipo ife tiyesa kuti anadandaula moyenera.

Mnyamatayo anali wanzeru zodabwitsa, ndipo atate ndi amai anagwirizana pa cinthu cimodzi, kuti aphunzire kufikira akhale munthu womveka. Anamtumiza ku sukulu ya ku Madaura. Koma pokhala wa zaka 16 ndalama zinatha, nakhala pamudzi caka cathunthu wopanda nchito, nalowa m'gulu la anyamata osamvera. Monica anamtengera pambali, namcenjeza ndi nkhawa yaikuru kuti apewe dama, makamaka kuti asayandikire mkazi wa mwini. Mnyamatayo anayesa mau aja nkhani za akazi, nacita manyazi kuwamvera. Apa pali banga lina la Monica. Anaona bwino ngozi imene inali pa mwana wace, koma sanafuna kumfunira mkazi, poopa kuti ukwati ungamtsekere njira ya maphunziro ndi ya ulemu. Anakonda moyo wa mwana wace, koma anakondanso kuti mwanayo akwere. Ndipo zikondi ziwirizi zinalimbana mumtima mwace zaka zambiri.

Pafupi ndi caka ca 371 Patricius anamwalira. Koma asanafe analowa m'gulu la ophunzira za Cikristu, nabatizidwa masiku ace otsiriza. Ici ndico cipatso coyamba ca cipiriro ca Monica. Anatsala wamasiye wa zaka ngati 40, ndipo sanakwatiwanso. Anakonzeratu malo a manda ace pambali pa manda a mwamuna wace, nawasamala kwambiri. Pakuti anafuna kuti anthu adzakumbukire kuti awiriwo, amene anakhala pamodzi pa moyo, anagonanso m'dothi limodzi. Musaiwale mandawa, pakuti tidzabwerako.

Ndi cithandizo ca munthu wacuma wa ku Thagaste, dzina lace Romanianus, Augustine anapita ku Carthage, mudzi waukuru wa m'mbali mwa nyanja, kukaphunzira luso la kunena pabwalo. Kumeneko anatenga mkazi wosamkwatira mwa lamulo, ndipo m'caka ca 372 anabala naye mwana wamwamuna, namucha Adeodatus, ndiko kunena wopatsidwa ndi Mulungu. Cotero Monica anakhala gogo, koma mosati monga anafunira. Ndipo cinafika cina comwawa koposa. Augustine analowa mpatuko wa Mani, munthu wa ku Persia, amene anaphunzitsa kuti kuli mphamvu ziwiri zosatha, ya kuunika ndi ya mdima, ndi kuti munthu pocimwa sindiye acimwa, koma mdima wokhala mwa iye. Anthu a mpatukowo ananyoza Cipangano Cakale, ndipo Augustine, pokhala waluso pakamwa, anasokeretsa abwenzi ace ambiri. Pamene anabwera ku Thagaste kudzaphunzitsa, Monica anamkaniza kukhala m'nyumba mwace ndi kudya naye pamodzi. Mwana wa cigololo anampirira, koma mwano wonyoza Mulungu sanakhoza kuumva pa cakudya.

Cimene cinatsegulanso khomo ndilo loto. Analota ataima pa thabwa loyesera la amisiri, alikulira, ndipo mnyamata wowala anamfunsa cifukwa ca misozi yace. Atamuuza kuti alira kutayika kwa mwana wace, mnyamatayo anamlamula ayang'ane, kuti aone kuti pamene iye aima mwana wacenso ali pomwepo. Ndipo poceuka anaona Augustine ataima naye pa thabwa lomwelo. Pomfotokozera lotoli, Augustine anayesa kulipotoza, kuti litanthauza kuti amace adzalowa cipembedzo ca Mani. Koma mkazi wosaphunzira uja anamyankha pomwepo, osacedwa, kuti sanauzidwa kuti iye adzaima pamene pali mwana, koma kuti mwana adzaima pamene pali iye. Augustine abvomera kuti kuyankha kuja kunamgwira mtima koposa loto lomwe.

Koma zaka zinapita, zosasintha kanthu. Monica ankapita ku nyumba ya Mulungu kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi kupatsa aumphawi monga anakhoza, ndi kulira. Anapita kwa bishopu wina wodziwa Malembo, nampempha akambirane ndi mwana wace. Bishopuyo anakana. Iye mwini analeredwa mu mpatuko womwewo, naturukamo yekha powerenga mabuku ao. Ndipo anaona kuti mnyamatayo akali wodzikuza ndi ciphunzitso cace catsopano, sangamve munthu. Analangiza Monica kuti amleke, ampempherere kokha. Monica anaumirira ndi misozi, kufikira bishopuyo anatopa naye, namuuza acoke, pakuti sikutheka kuti mwana wolirilidwa misozi yotere atayike. Mau onenedwa motopa aja Monica anawalandira ngati ocokera Kumwamba, nawasunga.

M'caka ca 383 Augustine anatsimikiza mtima kuoloka nyanja kunka ku Roma. Monica anamtsata kufikira kudoko, namgwira, kuti kapena abwerere kapena apite naye. Pamenepo mwanayo anamnyenga amace. Anati alikungoperekeza bwenzi lace loyembekeza mphepo, nawakopa kuti agone usiku uja m'kanyumba ka mapemphero kokumbukira Cyprian, kufupi ndi gombe. Usiku womwewo ngalawa inacoka. M'mawa Monica anaima pagombe, nyanja iri yokha yokha. Iye anapempha usiku wonse kuti mwana wace asaoloke, ndipo Mulungu sanamcitira ici. Koma tsidya lija ndiko kunali munthu amene Mulungu anamkonzera Augustine. Atalira ndi kudandaula za cinyengo ca mwana wace, Monica anabwerera kwao, nayambanso kumpempherera.

Ku Roma Augustine anadwala kufuna kufa, nacira. Ndipo m'caka ca 384 anapatsidwa nchito yaulemu ya kuphunzitsa ku Milan, mudzi wa kumpoto kwa Italia, kumene mfumu ya Aroma inali kukhala masiku aja. M'caka cotsatira Monica anamlondola, mkazi wa zaka zoposa 50. Panyanja anakomana ndi namondwe, ndipo iye ndiye analimbitsa mitima ya amalinyero, amene nchito yao ndiyo kulimbitsa alendo. Pofika anapeza kuti mwana wace waleka za Mani, koma sanakhala Mkristu. Anali kukayika zonse. Monica sanadumpha ndi cimwemwe. Anangomuuza mofatsa kuti akhulupira kuti asanafe adzamuona wokhulupira.

Bishopu wa ku Milan anali Ambrose, mlaliki wamphamvu, ndipo Augustine ankapita kukamva maulaliki ace, poyamba cifukwa ca kukoma kwa manenedwe cabe. Monica anamkonda Ambrose ngati mthenga wa Mulungu. Kwao ku Africa kunali mwambo wa kupita ku manda a ofera Kristu ndi dengu la phala, mkate ndi vinyo, kulawa pang'ono ndi kugawira ena. Monica anapita ndi dengu lace monga anazolowera, koma wapakhomo anambweza, nati bishopu analetsa mwambowo, cifukwa unali kupatsa mpata oledzera, ndiponso unafanana ndi nsembe za akunja za kwa akufa. Augustine anazizwa kuona kuti amace analeka pomwepo, osatsutsa, mwambo umene anakula nao. Inu amene munasiya mowa wa pamanda mudziwa kuti si cinthu capafupi. Ndipo m'caka ca 386, pamene Justina, mai wa mfumu, anafuna kulanda nyumba yina ya Mulungu kuti aipatse a mpatuko wa Arius, Akristu anagona m'katimo usana ndi usiku pamodzi ndi bishopu wao, asilikari atazinga kunja. Monica anali pakati pao, woyamba pa kudikira ndi pa kupemphera. Masiku omwewo Ambrose anayambitsa kuyimba nyimbo ndi masalmo mwa mayimbidwe a Akristu a kum'mawa, kuti anthu angafooke.

Tsopano tifika pa nkhani imene tikadakonda kuilumpha, koma sitiyenera. Monica anafunitsa kuti mwana wace akwatire mwa lamulo, poyesa kuti akatero adzabatizidwa. Anamfunira namwali wa banja loyenera ulemu wace, ndipo anapezeka; koma anali wamng'ono, kunatsala zaka 2 kuti afike msinkhu wa ukwati. Ndipo mkazi uja wa ku Carthage, amene anakhala ndi Augustine mokhulupirika zaka zoposa 13, mai wa Adeodatus, anayesedwa copinga. Anamcotsa, nabwerera yekha ku Africa, atalumbira kwa Mulungu kuti sadzadziwanso mwamuna wina. Ndipo mwana wace anamsiya ku Milan. Ngakhale dzina lace silinalembedwa. Augustine anena kuti mtima wace unang'ambika nukha mwazi. Koma sanakhoza kudikira zaka ziwirizo, natenga mkazi wina. Malamulo ndi miyambo ya Aroma inalola zotere, ndipo anthu a masiku aja sanaona cacilendo. Koma ife sitikhoza kucha cinthuci cabwino. Mkazi amene analira pagombe pamene nyanja inamlekanitsa ndi mwana wace, anabvomera kuti nyanja yomweyo ilekanitse mkazi mnzace ndi mwana wace mmodzi yekha. Ndipo ukwati umene anaukonza ndi nzeru zace sunacitika konse.

Pakuti Mulungu anadzera njira yina. M'mwezi wa August 386, Augustine anali m'munda wa panyumba pamene anakhala, alikulira pansi pa mkuyu cifukwa ca ukapolo wa zilakolako zace. Anamva mau ngati a mwana m'nyumba yoyandikana, oyimba kuti atenge awerenge. Anatsegula buku la makalata a Paulo, ndipo maso ace anagwa pa Aroma 13:13-14. Atawerenga, kukayika kwace kunatha. Iye ndi bwenzi lace Alypius analowa m'nyumba, ndipo woyamba kumuuza anali Monica. Anakondwa nalemekeza Mulungu. Augustine anamuuzanso kuti safunanso mkazi kapena ulemu wa dziko lino. Cotero zonse zimene Monica anazimangira mwana wace kuyambira ku Madaura, nchito yomveka, ukwati wabwino, adzukulu ena, zinagwa tsiku limodzi. Ndipo iye sanazilira.

Augustine anasiya nchito, napita ndi abale ndi ophunzira ace ku Cassiciacum, ku munda wa bwenzi lace Verecundus, kukakonzekera ubatizo. Miyezi imeneyo ndiyo inali ya mpumulo pa moyo wa Monica. Iye anasunga nyumba, nawasamala onse ngati ana ace; ndipo m'buku lina la masiku aja mwalembedwa kuti anadula makambirano a anthu ophunzirawo ndi kuwakankhira ku cakudya. Koma ankakhalanso nao pokambirana. Pa tsiku la kubadwa kwa Augustine, 13 November 386, anafunsana kuti wodala ndani. Wina atafunsa ngati munthu wokhala nazo zonse azifuna ali wodala, Monica anayankha kuti ngati afuna zabwino nakhala nazo ali wodala, koma ngati afuna zoipa, cinkana azipeze, ali watsoka. Mwana wace anakondwa, nati amace afika pamene anzeru akale anafika ndi mabuku. Pambuyo pace anafunsana kuti ali naye Mulungu ndani. Wina anati wokhala bwino, wina anati wocita cifuniro cace. Ndipo Adeodatus, wamng'ono wa onse, anati ndiye wopanda mzimu wonyansa. Monica anabvomereza mayankho onse, koma la mdzukulu wace koposa. Tikondwa kuti mau awa analembedwa, pakuti atisonyeza kuti mnyamata wosiyidwa ndi amace uja anali ndi pothawira.

Usiku wa Paskha, pa 24 April 387, Ambrose anabatiza Augustine, ndi Alypius, ndi Adeodatus, ali wa zaka ngati 15. Mwana ndi mdzukulu analowa m'madzi usiku umodzi. Atatha izi anapangana kubwerera ku Africa, nayenda ulendo wautali kufikira ku Ostia, doko la Roma, pamene mtsinje wa Tiber uthira m'nyanja. Kumeneko anapumula, kuyembekeza ngalawa. Tsiku lina Monica ndi Augustine anaima awiri okha pa zenera lopenya kumunda, nakambirana za moyo wosatha wa oyera mtima, kuti udzakhala wotani. Anakambirana kufikira zinthu zonse za pansi pano zinawacepera, ndipo kwa kamphindi anamva ngati aukhudza moyowo. Pamenepo Monica anauza mwana wace kuti palibenso comkondweretsa m'moyo uno. Cinthu cimodzi cokha cinamkhalitsa, ndico kumuona iye Mkristu, ndipo Mulungu wampatsa coposa cimene anapempha.

Atapita masiku ngati asanu anagwidwa ndi nthenda yotentha thupi. Tsiku lina anakomoka, ndipo potsitsimuka anaona ana ace awiri ataima pamphasa pace, nawauza kuti adzaika amai wao komweko. Augustine anakhala cete, alikuletsa misozi. Koma Navigius ananena cimene aliyense wa ife akadanena, kuti kukadakhala bwino afere kwao, osati kucilendo. Pakuti ndani wa ife afuna kuikidwa kutali ndi makolo ace? Timanyamula maliro masiku ambiri kuti munthu akagone kwao. Ndipo Monica anali nao manda okonzeka, pambali pa Patricius, amene anawasamala zaka 16. Koma anamyang'ana Navigius momdzudzula, nauza onse awiri kuti aike thupi lace pali ponse, asabvutike nalo. Cimodzi cokha anapempha, kuti amkumbukire pa guwa la Ambuye kuli konse adzakhala. Pambuyo pace Augustine anamva kuti masiku omwewo, iye kulibe, abwenzi ena anamfunsa Monica ngati saopa kusiya thupi lace kutali ndi mudzi wa kwao; ndipo anayankha kuti kulibe malo akutali kwa Mulungu, ndipo palibe cifukwa ca kuopa kuti tsiku lomariza sadzadziwa pomuukitsira. Augustine anena kuti sadziwa tsiku limene cikhumbo ca manda aja cinacoka mumtima mwa amace.

M'kudwala kwace anamyamikira Augustine kuti ndiye mwana wabwino, ndi kuti sanamva konse mau aukali oturuka m'kamwa mwace. Za usiku wa pagombe la Carthage sanazichula. Pa tsiku la 9 la nthenda yace anamwalira, ali m'caka ca 56 ca moyo wace, m'caka ca 387. Augustine anamtseka maso. Adeodatus anapfuula nalira, ndipo akuruwo anamtontholetsa, poyesa kuti sikuyenera kulira mokweza munthu wofa m'cikhulupiriro. Mnzao Evodius anatenga buku la Masalmo nayamba kuyimba, ndi a m'nyumba onse anabvomereza. Augustine sanagwetsa msozi kumanda. Anauma mtima tsiku lonse, napita kukasamba kuti kapena cisoni cimcoke, koma sicinacoka. Usiku, atadzuka yekha pakama pace, anakumbukila nyimbo ya madzulo ya Ambrose, ndipo pamenepo analira amace, amene anamlira iye zaka zambiri.

M'caka ca 388 Augustine anabwerera ku Thagaste pamodzi ndi Adeodatus. Mnyamatayo sanakhalitsa, anamwalira asanafike zaka 20. Augustine anaikidwa wansembe ku Hippo m'caka ca 391, ndipo zitapita zaka zowerengeka anakhala bishopu, natumikira komweko kufikira imfa yace m'caka ca 430. Monica sanaona zimenezi. Mafupa ace anagona ku Ostia kufikira caka ca 1430, pamene anawasamutsira ku Roma, ndipo pambuyo pace anawaika m'nyumba ya Mulungu yochedwa ndi dzina la mwana wace. Ndipo m'caka ca 1945 anyamata awiri, pokumba dzenje pabwalo la pambali pa nyumba ya Mulungu ya Santa Aurea ku Ostia, anafukula cibenthu ca mwala wolembedwa. Unali mwala wa pamanda a Monica, umene mkuru wina wa Aroma, dzina lace Bassus, anauika pambuyo pa imfa ya Monica. Ku Africa thupi lace silinabwereranso, ndipo pa malo aja anadzikonzera pambali pa Patricius sanagonapo.